Ndinakwatiwa ndi Munthu wa Liwiro

Tsiku limene ndinakumana ndi amuna anga sindinawayang'ane n'kumaso komwe. Maso anga anali pa mayi wina amene ankafuna kutifera m'manja.

Nthawi imeneyo ndinali namwino wachitsikana, nditangomaliza maphunziro a uzamba, ndipo boma linanditumiza ku kachipatala kakang'ono m'dera la Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu. Dziko linali litangokhala pa ufulu zaka zochepa. Phula linali lisanafike kwathu kuno, ndipo mvula ikagwa msewu wopita ku boma unkasanduka phala.

Linali dzinja, fodya atafika m'chiuno m'minda. Mayi uja anabwera pa ngolo m'mawa, atavutika kunyumba kuyambira dzulo lake. Pofika masana ndinadziwa kuti mwana wagona mopingasa ndipo ine ndekha sindingathe. Lamya tinalibe. Ambulansi ya ku boma tinali titamva kale kuti yatitimira kwinakwake. Ndinatuma mlonda wathu kuti apalase njinga akapemphe galimoto ku esiteti ya fodya imene tinayandikana nayo.

Kunabwera kalole kakang'ono, kopanda denga kumbuyo, koyendetsedwa ndi mnyamata wamtali, wowonda, atavala ovololo yothimbirira ndi oyilo. Tinayala matiresi kumbuyo, n'kugonekapo wodwalayo, ine ndi apongozi ake aakazi tinakhala m'mbali titafunda lona. Tisananyamuke, mnyamatayo anabwera n'kundiuza motsitsa mawu.

"Anesi, mukamva ndagogoda pagalasi, muwagwire zolimba mayiwa. Mukapanda kumva kugogoda, palibe choopsa."

Tinafika pa dambo lina pamene malole awiri anali atamira mpaka m'mimba, madalaivala atakhala pa chulu akudya chimanga chootcha. Iye anaimitsa galimoto, anavula nsapato, analowa m'matopemo ndi kamtengo akubayabaya pansi. Atabwerako anabwerera m'mbuyo mtunda ndithu, kenaka ndinamva kugogoda. Ndinamukumbatira mayi uja. Galimoto inalowa m'dambomo ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, matope akuuluka kutipitirira pamutu, koma chodabwitsa n'chakuti sitinagundike paliponse. Zinali ngati tikutsetsereka pa mphasa. Nditatukula lona, malole aja anali kumbuyo kwathu, madalaivala ataimirira.

Ku chipatala chachikulu madokotala anamuchita opaleshoni mayiyo, ndipo iye ndi mwana wake anapulumuka. Pobwerera ndinakhala kutsogolo. Mnyamata uja ankayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, moti anthu a njinga ankatsala pang'ono kutipitirira.

"Liwiro lija lapita kuti?" ndinamufunsa.

"Panopa palibe amene akufa," anayankha.

Kuyambira pamenepo anayamba kudwaladwala. Lero wabwera ndi kabala ka pachala koti ngakhale mwana sangalire nako, mawa akuti m'diso mwalowa kachitsotso. Ine ndinkamupaka mankhwala osaseka, iyenso osaseka. Pa mabenchi a chipatala pomwepo ndi pamene ndinamva mbiri yake. Kwawo kunali ku Wimbe. Bambo ake anapita ku migodi ya ku Joni iye ali wakhanda, osabwerako. Sukulu analekeza panjira n'kukalowa ganyu yosoka fodya pa esiteti. Kuchoka apo anamuika koponya nkhuni m'mabalani oumitsira fodya, kenaka kotsuka masipanala ku galaja ya pa esitetipo. Anaphunzira thirakitala, kenaka lole yonyamula mabelo kupita ku okushoni ku Limbe. Ankati galimoto imalankhula, koma anthu ambiri amaimva ikayamba kukuwa.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo, mlimi wa chimanga ndi fodya wa chikopa ku Simlemba, munthu wosakonda zachibwana. Ankhoswe atabwera sanavute. Udalaivala wa lole unali ntchito yooneka ndi maso, ndipo mnyamatayo sankamwa mowa. Tinakwatitsa ku tchalitchi cha kwathu chaka chotsatira, titakolola.

Bwana woyang'anira esiteti ija anali mzungu wa khungu lopsa ndi dzuwa, ndipo anali ndi matenda amodzi: mpikisano wa magalimoto. Masiku amenewo kunali kagulu ka azungu ndi amwenye a m'tauni amene m'chilimwe ankathamangitsana m'misewu ya fumbi, m'mapiri ndi m'madambo. Sankanyamukira pamodzi ngati ana a sukulu pa mjaha. Galimoto iliyonse inkanyamuka payokha, ina pambuyo pa inzake, ndipo wopambana anali amene wadutsa njira yonse m'nthawi yochepa, galimoto ikadali yamoyo. M'galimoto munkakhala anthu awiri: woyendetsa, ndi mnzake wowerenga njira, womuuza kuti kutsogoloku kuli kona yakumanzere, kuli mlatho wopapatiza, kuli dzenje.

Amuna anga ankapita nawo ngati makaniko. Ntchito yawo inali kuthamanga ndi kalole kaja, katadzaza matayala ndi zigubu za petulo, kudzera njira zachidule kuti akadikire bwana kutsogolo. Bwanayo anayamba kudabwa kuti kulikonse kumene wafika, amawapeza atafika kale, jeke ali pansi, tiyi atawira.

Chaka china, kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uchitike, bwana anagwa pa makwerero m'balani n'kuthyoka dzanja. Anabwera ku chipatala kwathu kuti ndimumange asanapite ku boma, amuna anga ndi amene anamubweretsa. Ali pa benchi, nkhope itachita thukuta ndi ululu, anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka ananena m'Chichewa chake chopindika chija.

"Galimoto yakonzeka, dzina talembetsa. Iwe ukayendetsa."

Amuna anga anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana bandeji.

Anapita. Ena a m'kagulu kaja sanakondwe kuona munthu wakuda, makaniko, atakhala pa chiwongolero, ndipo amuna anga anauzidwa kuti azichoka panjira msanga ena akafuna kudutsa. Sanapambane. Koma magalimoto ambiri anatsala m'njira, ena atathyoka masipuling'i, ena atagwera m'ngalande, pamene yawo inafika yonse, itangosweka nyali imodzi, ndipo anali pakati pa oyambirira. Atabwera kunyumba fumbi linali m'makutu, m'mphuno ndi m'nsidze. Anasamba, anadya, n'kukhala pakhonde akungomwetulira okha. Ndinadziwa kuti lole ya mabelo yawataya.

Anathamanganso kangapo ndi galimoto ya bwanayo dzanja lisanapole bwino. Kenaka kunabwera mmwenye wina wa ku Limbe, mwini galaja yaikulu yogulitsa magalimoto ochokera ku Japani. Anthu nthawi imeneyo ankawaderera magalimoto amenewa, ankati ndi zitini, sangalimbe m'misewu yathu. Mmwenyeyo ankafuna munthu woti awathamangitse pamaso pa alimi ndi akuluakulu a boma mpaka akhulupirire. Anati adzawalemba ntchito yokhazikika: m'kati mwa sabata kuyesa ndi kukonza galimoto ya mpikisano, nyengo ikakwana kupikisana.

Tinapita kukawauza bambo anga Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nzimbe.

"Akamwini, ndifunse nawo. M'galimotomo mumanyamula chiyani?"

"Simukhala katundu, apongozi."

"Wodwala?"

"Iyayi."

"Nanga kumene mukuthamangirako kuli maliro, kapena msonkhano?"

"Timabwerera pomwe tanyamukira."

Bambo anaika mpeni pansi. "Ndiye munthu wamkulu, wapabanja, mwana ali m'njira, azikaika moyo wake pa nsonga ya singano kuti akafike pomwe anachokera. Ine zimenezi sindikuzimva. Kuthamanga si kufika."

"Zimenezo n'zoona, apongozi," anatero amuna anga. "Othamanga okhaokha ndi amene amatsala m'njira. Ine ndimafuna kufika."

Bambo anatolanso mpeni wawo. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndavomereza. Ndinati ndavomereza, ngakhale kuti mumtima ndinali ndisanamalize kuganiza. Chimene ndinkadziwa n'chakuti munthu amene ndinamuona pakhonde tsiku lija akumwetulira yekha, ndikamubweza ku lole, adzakhala nane m'nyumba koma theka lake lidzakhala kwina.

Ine sindinasamukire ku Limbe. Anandisinthira ku chipatala cha pa boma, ndipo ndinapatsidwa nyumba pafupi ndi anamwino anzanga ndi aphunzitsi. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwira pomwepo. Amuna anga ankabwera akapeza mpata, nthawi zina ndi galimoto ya mpikisano yomwe, yopakidwa manambala m'zitseko, yolira ngati yakwiya. Ana a m'layini monse ankaizungulira. M'kati munalibe mipando yakumbuyo. Munali mipope yachitsulo yowotcherera mopingasana, kuti ikagubuduka denga lisaphwanye anthu, ndi malamba omanga pachifuwa ngati mbereko.

Ankakonda kuyesera galimoto m'misewu ya pakati pa maesiteti a kuno, chifukwa ndi yoongoka ndipo mchenga wake ndi wonyenga. Koma asanatero ankayamba ayenda njira yonseyo pa njinga dzulo lake, kulowa mudzi ndi mudzi kupempha kuti mawa m'mawa mbuzi zikhale zomanga ndipo ana asasewere pamsewu. Anthu ankavomera, n'kubwera onse kudzaima pa zulu kudzaonerera. Wowerenga njira wawo anali kalaliki wa ku ofesi yoyeza malo, wa ku Zomba, wamfupi, wolankhula ngati wayilesi. Amuna anga osalankhula, iye osatseka pakamwa. Ankagwirizana ngati mtondo ndi munsi.

Moyo wanga unakhala wa kudikira. Tsiku la mpikisano ndinkapempha kuti andiike pa ntchito, chifukwa kukhala pakhomo kunkanditalikitsira dzuwa. Nkhani zinkafika mochedwa, mwina pa wayilesi madzulo, mwina m'nyuzipepala patapita masiku. Tsiku lina mphunzitsi woyandikana naye nyumba anabwera akuthamanga ndi nyuzipepala, muli chithunzi cha amuna anga atanyamula chikho, maso atatsinzina chifukwa cha kuwala kwa kamera. Ndinachidula n'kutumiza kumudzi. Mayi anandiuza pambuyo pake kuti bambo anachiyang'ana, n'kunena kuti jekete limene avala ndi lalikulu, basi.

Zinthu za nthawi imeneyo zinkalowanso m'mpikisano. Khadi la chipani linkakhala m'thumba la ovololo nthawi zonse, chifukwa achinyamata a chipani akakuimitsa sankasamala kuti wotchi ikuyenda. Ulendo wina mpikisano wonse unaima theka la tsiku chifukwa msewu unatsekedwa, mtsogoleri wa dziko akuyendera mbewu m'minda. Azungu, amwenye ndi amuna anga anakhala pansi pa mitengo ya mango, zipewa zawo zolimba zili m'manja, akuonerera amayi akuvina. Atabwera kunyumba anangoti mango ake anali okoma. Masiku amenewo nkhani zotere munthu ankazithera pomwepo.

Kenaka chaka china njira ya mpikisano inadutsa kwathu. Inachokera ku boma, kulowera kumpoto, n'kukhota kudzera ku Simlemba, pafupi ndi munda wa bambo anga. Unali mwezi wa fumbi, anthu akumaliza kutumiza fodya ku msika. Mudzi wonse unakhamukira kumsewu. Ine ndinali pa ntchito ku chipatala monga mwa chizolowezi changa, choncho zimene zinachitika ndinazimva kwa mayi, kwa wowerenga njira uja, ndipo patapita nthawi kwa bambo eni ake.

Bambo anali atanena kuti sapita kukaonerera masewera a ana. Koma m'mawa mwake anavala jekete lawo la ku tchalitchi, n'kunena kuti akukayendera chigafa. Chigafacho chinali moyang'anana ndi msewu.

Magalimoto awiri anadutsa, fumbi lili tolo. Yachitatu inali ya amuna anga, ndipo malinga ndi mawotchi, ndi iwo amene ankatsogola pa tsikulo. Pamalopo msewu umatsika pang'ono n'kukhota kuseri kwa nsungwi. Mkulu wina wa mudzi woyandikana nawo, wogontha, anali akuchokera kumunda ndi ngolo ya ng'ombe itasenza mabelo, mdzukulu wake wamkazi atakhala pamwamba. Ataona magalimoto awiri adutsa anaganiza kuti zatha. Analowetsa ngolo mumsewu. Anthu anakuwa, iye osamva.

Wowerenga njira anandiuza kuti atatuluka pa nsungwi paja, ngolo inali itadzaza msewu wonse. Mabuleki okha sakanakwanira. Kumanzere kunali anthu. Kumanja kunali ngalande ndi munda wa mizere youma. Iye anangomva amuna anga akunena kuti, "Gwira," mawu ake omwe aja a masiku onse, ndipo galimoto inatembenuka n'kulunjika kumanja. Inadumpha ngalande, inamenya mizere, inagubuduka kangapo n'kukagona chagada pakati pa mapesi. Ng'ombe sizinakhudzidwe n'komwe. Mkulu uja anapitiriza kuwoloka, ndipo anadziwa zimene zachitika ataona anthu akuthamangira m'munda.

Woyamba kufika anali bambo anga. Mayi ankati sanawaonepo akuthamanga chikwatirane. Anagwada m'fumbi ndi jekete lawo lija, n'kusuzumira pawindo. Amuna anga anali lende pa malamba, mutu uli pansi.

"Apongozi," anatero, "mwana wa pa ngolo uja ali bwanji?"

"Ali bwino. Inu?"

"Phewa lokha. Muyambe mwatulutsa mnzangayu."

Anawabweretsa ku chipatala pa thirakitala ya pa esiteti ina, bambo atawagoneka pamiyendo pawo njira yonse. Ine ndinali m'chipinda cha amayi oyembekezera pamene mnzanga anabwera kudzandigwira pamkono, n'kunena kuti ndisachite mantha koma nditsatire. Ndinawapeza pa machira, nkhope yotuwa ndi fumbi, fupa la paphewa ndi nthiti zingapo zitathyoka. Wowerenga njira anangotupa bondo, ndipo anali kale pakati pofotokozera aliyense m'wodimo. Sizasi ndinaitenga n'kuibwezanso pathebulo. Amene anadula ovololo yawo ndi mnzanga.

Madzulo ake bambo anakhala nane pa benchi ya panja. Ankapukuta chipewa chawo.

"Ndinkayesa kuti ntchito imeneyi ndi yothamanga," anatero. "Ndinali pafupi, ndinaona maso ake asanakhote. Sanadzidzimuke. Anayang'ana anthu, anayang'ana ngolo, n'kusankha munda. Ine pa msinkhu wangawu sindinasankhepo chinthu msanga chotero, n'kusankha bwino."

Sananene kuti ntchitoyo aikonda, ndipo sanaikondepo mpaka imfa yawo. Koma kuyambira tsiku limenelo, munthu akawafunsa za mkamwini wawo, ankayankha okha mosazengereza kuti ndi dalaivala wa mpikisano. Mkulu wa ngolo uja anabwera ku chipatala ndi nkhuku ndi mdzukulu wake, akulira. Amuna anga anamugwira dzanja, n'kupempha kuti wina amukuwire m'khutu kuti mlandu palibe, olakwa ndi amene sanaike munthu pa njira ya ngolo.

Amene anatsala ndi mantha ndinali ine. Miyezi imene anakhala pakhomo akuchira inali yokoma kwa ine kuposa ina yonse. Ankamuperekeza mwana ku sukulu ya mkaka, ankakonza njinga za aphunzitsi ndi dzanja limodzi. Phewa litayamba kugwira, ndinaona akuyesa kupotokola mbale yodyera m'malere ngati chiwongolero. Ndinalephera kupirira.

"Bambo a mwana, bwanji osangosiya? Mwaonetsa kale zimene mumatha."

"Mukanena ndi mtima wonse kuti ndisiye, ndisiya," anatero. "Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Inu mumaiona galimotoyi kunja kokha, ndipo kunja imaopsa. Mukwere kamodzi, kenaka munene."

Galimoto itakonzedwa anabwera nayo. Tinapita ku msewu wina wa pakati pa minda, fodya atazulidwa, anthu atachenjezedwa kale. Akazi sitinkaloledwa kuvala mathalauzi, choncho ndinalowa ndi diresi langa lalitali ndi chitenje, kudumpha mipope ija movutikira, chipewa cholimba pamwamba pa duku. Anandimanga malamba okha, n'kuyesa ngati alimba.

Sindidzanama kuti sindinaope. Mitengo inkabwera ngati yaponyedwa. Koma nditasiya kuyang'ana kutsogolo n'kuyang'ana iwo, ndinaona chinthu chimene sindinkayembekeza. Munthuyo anali phee. Manja ankayenda pang'ono, mofewa, mapazi akuvina pansi, nkhope ili ngati ya munthu amene akumvetsera ulaliki. Kona isanafike anali ataikonzekera kale, ndipo galimoto ikayamba kutsetsereka, iwo anali atadziwa isanayambe. Ndinaizindikira nkhope imeneyo. Ndi imene ndinkakhala nayo ine mwana akamabadwa movuta, pamene onse m'chipinda akunjenjemera koma iwe ukudziwa pogwira.

Ataima anandifunsa kuti, "Nanga mukuti bwanji?"

"Mundimasule kaye," ndinatero. Nditatsika ndinakhala pa mzere. Kenaka ndinawauza kuti apitirize, koma galimoto iliyonse imene akwere azikhala ataigwira okha ndi manja awo, nati iliyonse. Anati zimenezo amachita kale.

Zaka zotsatira zinali zabwino. Anapambana kangapo kumwera ndi kuno ku chigawo chapakati, ndipo analoledwa kukapikisana ku Zambia, ngakhale kuti chilolezo chotulukira chinkatenga nthawi ndi mafunso ambiri. Kumeneko sanapambane, koma anamaliza, ndipo anabwera ndi nsalu yanga ndi nkhani za misewu ya miyala. Magalimoto a mmwenye uja anayamba kuoneka paliponse, m'maesiteti, ku mishoni, ngakhale ku maofesi a boma. Anyamata ena akuda anayamba kulowa nawo m'mipikisano, ena mwa iwo atayambira kunyamula matayala a amuna anga. Tinabereka ana ena awiri, aamuna. Zikho tinkaika pamwamba pa kabati, ndipo chachikulu kwambiri ndinkasungiramo singano ndi mabatani.

Mapeto sanabwere ndi ngozi. Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, njira za ku nyanja yamchere zinatsekeka ndipo petulo anayamba kusowa. Magalimoto ankagona pa mizere ku malo omwetsera mafuta. Kuwotcha petulo pa masewera sikukanaoneka bwino, ndipo mipikisano inayamba kuchepa, chaka china osachitika n'komwe. Azungu ambiri a m'kagulu kaja anabwerera kwawo. Nawonso amuna anga anali atayamba kutalikitsa nyuzipepala powerenga. Tsiku lina anafika ndi basi, atanyamula bokosi la masipanala, n'kunena kuti abwera kudzakhala.

Ndinkaopa kuti adzafota. Masabata oyamba ankadzuka m'mamawa n'kumangozungulira nyumba. Koma pasanapite nthawi anapeza malo kuseri kwa msika, anamanga mpanda wa malata n'kutsegula galaja. Eni maesiteti ankabweretsa mathirakitala, ansembe ankabweretsa njinga zamoto. Kenaka anagula kagalimoto kakale n'kuyamba kuphunzitsa anthu kuyendetsa. Ophunzira ankabwera akuyembekeza liwiro, popeza mbiri yawo inali itafala, koma ankakhumudwa. Sabata yoyamba yonse munthu ankaphunzira kuima. Madalaivala ambiri amene anayendetsa malole a fodya m'boma lino zaka zimenezo anadutsa m'manja mwawo, ndipo mpaka lero ndikakwera minibasi, nthawi zina wokalamba wina amandizindikira n'kundipatsa moni wa ulemu.

Anyamata athu awiri analibe nazo chidwi. Wina anakonda mpira, wina mabuku. Amene ankathawira ku galaja akaweruka ku sekondale anali mtsikana. Ankalowa mumpanda ndi siketi ya sukulu, n'kuvala ovololo yakale ya bambo ake atapinda miyendo, ndipo potuluka ankavulanso kuti asakumane ndi mavuto panjira. Ine ndinadandaula kuti anthu adzanena. Bambo ake anati anthu ananena kale za iwo, ndipo palibe chimene chinathothoka.

Atakwanitsa zaka anakayesedwa ku Lilongwe. Woyesayo akuti ataona mtsikana anafunsa ngati wabwera kudzaperekeza mchimwene wake. Anabwerako ndi laisensi.

Loweruka lotsatira tinanyamuka kupita ku Wimbe kukaona apongozi anga aakazi, amene anali atakalamba kwambiri. Mvula yoyamba inali itagwa, msewu uli woterera, anthu ali m'minda kuwokera fodya. Amuna anga anazungulira galimoto, anagogoda matayala, kenaka anapereka makiyi kwa mwana wawo n'kukakhala kumbuyo pamodzi ndi ine. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo atakhala m'galimoto yoyendetsa munthu wina popanda phazi lawo kufunafuna buleki pansi. Poyamba anakhala chowongoka, maso ali pa msewu. Tinadutsa dambo loyamba, galimoto inagwedeza kumbuyo pang'ono, mtsikana anaibweza mofatsa osachotsa phazi. Bambo ake anatsamira kumbuyo.

Titapitirira pa sitolo za pamphambano, ndinamva phewa langa likulemera. Anali atagona, pakamwa pali pululu, chipewa chitagwera pamiyendo. Mwana anandiyang'ana pa kagalasi, ine ndinamukodola kuti asalankhule. Anadzuka tikulowa m'mudzi, ana akuthamangira galimoto, ndipo anafunsa ngati tadutsa kale pa mlatho wina wothyoka umene madalaivala onse ankauopa. Tinawauza kuti tadutsa kalekale.